Bokosi la Mabuku Pakhonde Panga

Lolemba

Bokosi lafika! Galimoto ya khonsolo yalitula pakhonde panga, mudzi wonse ukuona. Mabuku okhaokha, oti ana a kuno ku Domasi aziwerenga ulere, wapasukulu ndi wolekeza yemwe. Asankha ine chifukwa nyumba yanga ndi ya malata, komanso ndinagwira umesenjala pa boma zaka zambiri. Pepala ndimalidziwa ulemu wake.

Bwana wa zachitukuko akuti abweranso Loweruka. "Tikapeza kuti sakuwerengedwa, madala, tikalipereka ku Songani." Ku Songani! Kwa anthu okulungira usipa m'nyuzipepala! Ine ndili moyo, ayi.

Lachiwiri

Ndawakuta onse ndi mapepala a matumba a simenti. Fungo la buku latsopano, abale inu! Malamulo ndakhoma pachitseko:

1. Kusamba m'manja, ndi sopo.
2. Nzimbe ayi. Magwafa ayi.
3. Kunyowetsa chala ndi malovu potsegula tsamba, ayi ndithu.
4. Wachimfine awerengere patali.

Akazi anga, amake Dailesi, akufunsa kuti, "Sopo wake wa ndani?"

Lachitatu

Ana abwera khamu, kuchokera kudambo kopirikitsa mbalame mumpunga. Matope mpaka m'zigongono! Ndawandandalika pamzere, ndayendera manja monga ankatiyendera yunifolomu pa boma. Opambana: palibe. Mmodzi wasamba bwinobwino, kenaka wapukutira pakabudula. Wabwerera.

Wina akuti, "Agogo, tingoonako chithunzi cha pachikuto basi." Chikutocho ndinachikuta dzulo. Apita akung'ung'udza.

Mabuku onse ali bwino, palibe lakhudzidwa.

Lachinayi

Wabwera mmodzi yekha: Asiyatu, mwana wa a telala a pamsewu, amene analekeza Sitandade 5 mayi ake atadwala. Kwawo ndi Asilamu, amasamba m'manja kasanu pa tsiku. Ndayang'ana zikhato, ndayang'ana zikhadabo, chifukwa chomubwezera ndachisowa.

Ndamulola, koma masamba ndikutembenuza ndine. Wasankha nkhani ya mtsikana amene anakwera sitima kukafuna mchimwene wake ku Halale. Mwanayu kuwerenga ngati akumuthamangitsa! "Tembenuzani, agogo." Ndisanapume n'komwe, "Tembenuzani." Mkono wanga kuwawa.

Tafika pakati, pamene mtsikana uja watsika pasiteshoni, apo ng'ombe zikudutsa pabwalo panga. Fumbi! Ndatseka msanga.

"Ndibwereke, agogo, ndibweza mawa." Ndakana. Nyumba yawo ndi ya udzu, ndipo chiswe cha kumeneko ndimachidziwa. Wachoka akucheukacheuka. Mtima wandipweteka pang'ono, koma lamulo ndi lamulo.

Lachisanu

Palibe wabwera. Asiyatu watumiza mawu kuti akumweta mpunga mpaka mawa. Ana enawo akudutsa panjira manja ali kumbuyo, ngati pano ndi pa polisi.

Ndapeza tsamba limodzi lopindika pangodya. Chala changa chomwe, dzulo! Ndalisita ndi simbi ya makala, lawongoka. Simbi ikadali yotentha, ndasitiratu khaki wanga wakale. Zokonzeka:

Bokosi, lopukuta.
Mabuku, oyala aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo.
Khonde, losesa kawiri.
Nkhuku, zotsekera m'khola.

Amake Dailesi akuti, "Abambo, mphika wanga ukanakhala woyera chonchi, inu mukanafa ndi njala." Akazi sadziwa za ofesi. Mawa bwana aona yekha.

Loweruka

Kalanga ine!

Bwana wafika, ndamumenyera sawatcha ngati msilikali. Watenga buku limodzi, masamba ake akadali omatana. Lachiwiri, chimodzimodzi. Wandiyang'ana.

"Madala, mabuku awa sanagwidwepo."

Ine, chifuwa patsogolo: "Ngakhale chala, bwana!"

Amake Dailesi atsokomola kukhitchini. Bwana wapita kugalimoto, wabwera ndi buku lochokera kumudzi wina: lakuda bii, losokedwa ndi ulusi, lonunkha utsi, pakati pali nthanga ya gwafa. Ine ndikuyembekeza kuti anene za kundende. Iye akuti, "Ili ndilo lagwira ntchito yake."

Wafunsa amene awerengako sabata ino. Ndayankha zoona: mmodzi, theka.

Bokosi lakwera galimoto. Choipa kwambiri, mbali ina ndanyamula ndine, chizolowezi cha umesenjala. Bwana wathokoza chifukwa cha zikuto, akuti a ku Songani zidzawathandiza. Safunsa anadya phula.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akundipatsa moni wofewa, wa pamaliro. Malamulo ndamatula pachitseko, amake Dailesi ayatsira moto.

Masana Asiyatu wafika wothamanga, mpunga watha. Wayang'ana pamene panali bokosi. Ndamuuza zonse, osabisa kuti wolakwa ndine. Kenaka wafunsa:

"Nanga mchimwene wake uja anampeza, agogo?"

Sindikudziwa. Sabata yathunthu mabuku agona m'nyumba mwanga, ine sindinawerengeko ngakhale mzere umodzi. Ngakhale potembenuza muja, maso anga anali pa zala zake. Manyazi andigwira, oposa a dzulo.

Watsanzika mwaulemu, wapita.

Ndapopa njinga. Mawa ndikapempha kwa a telala kuti ndimutengere mwanayu ku Songani, tikagogode ngati alendo. Nanenso ndikufuna ndimve ngati anampeza.