Sitima Imene Ndinaisenza Pamutu

Sekani, a Chimwaza, sekani mpaka mano aume, inu mlonda amene madzi aakulu omwe munawaonapo ndi a pansi pa mlatho wa ku Old Town! Mukuti adona akabwera andichotsa udalaivala chifukwa ndaponda maluwa awo pobweza galimoto? Mukuti maso anga atha? Ine Binwelo, amene ndinagwirapo chiwongolero cha sitima pa nyanja ya mchere?

Kumeneko kuli munda wapansi pa madzi, wa miyala yamoyo yotchedwa makorali, yofiira, yanthambi ngati chinangwa, yokula mwaulesi moti ukaithyola mdzukulu wako adzamera imvi isanaphukenso. Nsomba zimaswanira momwemo, ndiye boma linaletsa ngakhale kuponyapo nangula. Osati timaluwa ta m'machubu ta ku Area 12 kuno!

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo madzi anaphwa mwadzidzidzi, sitima yathu, yotalika kuchokera pano kukafika ku City Centre, yodzaza simenti, n'kulunjika pamundapo, kaputeni akulira mayo mayo, ine ndinangovula nsapato, kudumphira m'madzi, kugwira shaki, nsomba yolusa yodya anthu, kuipinda kuti ikhale nkhata, kuisenza sitimayo pamutu, mukumva? N'kumayenda monyang'ama, kusankha popondera, nkhanu zili patsogolo kundilozera njira, anamgumi atafola kundiombera m'manja, ndipo mpweya ndinaukoka kamodzi kokha Lachiwiri n'kudzautulutsa Lachisanu. Pali Mulungu! Dazi mukulionali si la ukalamba, ndi sitima imeneyo.

Mukuti nanga ndinabwereranji ku Lilongwe? Funso la munthu wanjiru! Chabwino. Nditatsala phazi limodzi kuti nditulukemo ndinayetsemula, sitima n'kutsetsereka, kukhala pamakorali paja, kuwapera ngati chimanga pachigayo, malo oposa bwalo la mpira kuyera mbee, nsomba zonse kusamuka. Zinandiwawa, osanama, mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka. Koma a boma atabwera ndi mapepala awo akuti palibe anasenza sitima, akuti Binwelo amasinza pachiwongolero. Mabodza a anthu ophunzira! Anandikweza basi tsiku lomwelo.

Ndiye munthu woti ndinaphwanya munda wa boma ndingaope timaluwa tiwiri?

Imeneyo ndi hutala ya ndani? Ndi adona? A Chimwaza, achimwene anga, geti ndikatsegula ndine. Inu imani pamaluwapo, mutambasule chijasi chanucho.