Galimoto ya Mkamwini Ikugogoda

Lolemba

Sabata ya ufulu wanga yayamba. Loweruka ankhoswe anga akukapempha chitengwa, kuti nditenge Nabanda, mkazi wanga, tichoke kuchikamwini kuno ku Pembamoyo tikakhale kwathu ku Mlolo. Nyumba ya malata ndinamanga kale, panopa mukugona mileme. Ndatopa nako kulima munda wa eni ndi kutsokomola kaye ndisanadutse pakhomo pa apongozi.

Mwini mbumba ndi a Phiri, atsibweni ake a Nabanda, okhala ku Zingalume. Iwo akakana, zakanika. Nzeru yanga ndi iyi: ndikawatenge ndekha pa galimoto, aone kuti mwana wawo sakupita kwa munthu wamba.

Koma lero, pobwera kuchigayo, ndikuti ndiponde moto pachitunda, pansi pa boneti gu! Ndikasiya, zii. Ndikapondanso, gu! Galimoto iwe, sabata zonsezi unali kuti?

Lachiwiri

Kwa makanika, patsinde pa mango ku boma. Sanayiyendetse n'komwe. Wangoyiyang'ana monga momwe anamwino amayang'anira munthu wobwera mochedwa, nkuti vuto ndi petulo wa m'mabotolo amene ndimagula m'mbali mwa msewu. Ndakana kuti sindigulako. Botolo lagubuduka lokha kuchokera pansi pa mpando.

Tasintha mapulagi. Pobwerera, gu! uja ali pomwepo, ndipo akumveka ngati wadya bwino.

Lachitatu

Mudzi wonse wasanduka amakanika. Zimene ndauzidwa lero:

Alamu anga akuti ndi gudumu lakumanzere.
Akatekisiti akuti ndibwere nayo ayiwaze madzi odalitsa.
Wogulitsa kachasu akuti galimoto ili bwinobwino, chogogodacho chili m'mutu mwanga.

Apongozi, poti sitiyankhulana maso ndi maso, atuma Nabanda kuti andifunse ngati ndayamba kusinja chimanga m'galimoto. Akuti ngati ndi choncho ali nacho china.

Ndayesa kukweza wailesi mpaka pamapeto. Zikuthandiza ndithu, kungoti a Phiri ndi munthu wokonda kulankhula.

Lachinayi

Makanika wasintha maganizo, tsopano akuti ndi ekizozi, paipi ya utsi ija, ikumenya pansi. Wayimasula, bawuti imodzi yaduka, ndipo yobwezera palibe. Ekizozi ndabwera nayo pampando wakumbuyo ngati mlendo.

Kugogoda sikukumvekanso! Palibenso china chilichonse chikumveka, poti phokoso la galimoto yopanda ekizozi lameza zonse. Ndalowa m'mudzi nkhuku zili balala, ng'ombe ya alamu yadula chingwe. Ine ndikuti vuto latha. Nabanda wangondiyang'ana, nkuti: "Atsibweni ali ndi mtima wothamanga. Mukufuna chitengwa kapena maliro?"

Ndamangirira ekizozi ndi waya wa pakhola. Gu! wabwerera. Kunena zoona, mantha andigwira. Ndikawatsitsa a Phiri pakati pa msewu kuti akankhe, ndidzafera kuchikamwini.

Lachisanu

Ndasiya kufunsa anthu. Ndatsekula boneti, ndakoka handibuleki, ndalowetsa giya, alamu ndawaimika chapambali kuti ayang'ane. Kungoponda moto pang'ono, alamu alumphira kumbuyo. Akuti injini yonse ikudumpha ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo.

Kani ndi zimenezo! Mphira imene injini imakhalirapo yang'ambika, ndiye ndikaponda moto injini ikunyamuka nkumenya chitsulo. Yatsopano ili ku Chipata, ndipo Loweruka ndi mawa. Tadula chidutswa cha tayala lakale la ngolo, tachipanikiza pamenepo, nkukulunga malegeni a chubu mpaka manja kutuluka matuza.

Ndakwera nayo chitunda cha kuchigayo. Zii. Ndatsika, ndakweranso, kungofuna kudzisangalatsa. Ndine munthu wanzeru kwambiri, ndipo n'zachisoni kuti mudzi uno ukunditaya.

Loweruka

A Phiri akhala kutsogolo, ndodo pakati pa miyendo. Ali ndi bondo lovuta, nthawi zonse amabwera pa ngolo akubuula. Lero akusisita mpando. Galimoto ikuyenda ngati yobadwa dzulo, ine ndikuponda moto mwadala paliponse pali chitunda.

Apempha tipatukire kuchipatala akatenge mankhwala a bondo. Tapatuka. Taonanso mlongo wawo wina atasenza mtedza, tamunyamula. Kenaka mayi wapakati, wa mbumba yomweyo. Ine "Palibe vuto, atsibweni" pakamwa posachoka, kudzigulitsa.

Pabwalo ankhoswe anga ayala nkhani bwino, nkhuku yoyera aipereka. Ine ndakhala kumbuyo, maso pansi, monga mkamwini waulemu, mumtima ndikulongedza mapoto.

A Phiri ayamba ndi kunditama. Akuti pa akamwini onse a mbumba yawo sanaonepo wotere, wa manja ake, wa mtima wabwino, wosadandaula mafuta. Ine kumva kukoma. Kenaka atembenukira kwa ankhoswe.

"Ndiye inu mwati timupereke ku Mlolo? Nanga odwala athu azikwera chiyani? Ayi, ayambe wakhala. Tidzaionanso nkhaniyi tikakolola."

Sananene kuti kukolola kwa chaka chiti. Nkhuku ija adya.

Lamulungu

Nabanda akuti ndisadandaule, atsibweni sanayamikirepo mkamwini chibadwire. Akunena akubisa kuseka m'chitenje. Ndikumukayikira kuti ku Mlolo sankakufuna n'kale.

Mtima ukundiwawa, ndisaname. Nyumba yanga ija ndaiganizira Misa yonse, ulaliki sindinaumve.

Za sabata yamawa andikonzera kale. Apongozi kuchigayo, alamu kukatenga feteleza, a Phiri kukaonetsanso bondo. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipita.

Madzulo ano ndatsekula boneti, ndayang'ana malegeni aja nthawi yaitali, mpeni uli m'thumba. Koma ndinamanga bwino zedi, dzanja lakana. Ndangoitenga kupita nayo pachitunda, ndaponda moto mpaka pansi, khutu lili tcheru, mwina ingandimvere chisoni.

Zii.