Chibwano cha a Kauko

Kuno ku Myllysalmi mukatchula a Kauko Räsänen, munthu amayamba wagwira pachibwano asanakuyankheni. Ndevu! Amuna angawo anali ndi ndevu zoti mbalame zinkabwera kudzafunsa malo. Ena amati ankazipisira mu lamba. Limenelo ndi bodza la a Pentti ometa aja. Zinkalekezera pamchombo basi, ndipo ndine ndinkazipesa, ndiye musanditsutse.

Zinayamba ndisanawadziwe. Ali ndi zaka makumi awiri, atangolembedwa ntchito mu timu ya tauni yathu ya hoke, masewera aja a pa ayezi omenya ndi ndodo, m'kaligi kaja koyendera basi yonunkha masokosi, analumbira pamaso pa anzawo kuti lumo silidzawakhudza mpaka atagoletsa chigoli choyamba. Anzawo anaseka, ati nkhani ya milungu iwiri imeneyi. Anasewera zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Tsono pasapezeke wonena kuti sankatha, ndimulondola mpaka kwawo. A Kauko anali otchinga kumbuyo, ndipo mdani akawaona akubwera pa ayezi ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ana kunyumba. Mano anayi anawasiya m'matauni anayi chifukwa cha timu imeneyi. Vuto linali limodzi lokha: kamphira kakuda kaja kamene amamenya m'malo mwa mpira kakafika pandodo yawo, golo ili poteropo, iwo ankayamba kulota.

Chigolicho anali atachiona kale m'mutu, ndipo ankachifotokoza khofi mpaka kuzizira.

"Hilkka, ndidzakhala pamzere wabuluu, chapatali ndi golo paja. Bwalo lonse lidzati zii, kungomveka mipeni ya kunsi kwa nsapato zanga zoterera ikunong'oneza ayezi. Kamphira kadzanyamuka pang'onopang'ono ngati kambalame kongophunzira kuuluka, kadzadutsa paphewa la goloboyi, ukonde n'kugwedezeka ngati katani ya pawindo m'chilimwe."

"Ndiye pamenepo mudzameta?"

"Pamenepo udzamuona mwamuna amene unakwatiwa naye."

Paja ine sindinamuonepo. Tinakumana ndevu zitafika kale pabatani lachitatu, ndipo pachithunzi chimodzi chokha cha unyamata wawo anadzikulunga mpango mpaka m'mphuno. Apongozi anga ndiwo anandiputa dala. "Pachibwano cha mwana wanga pali kadzenje," anatero, "ngati Mulungu anadindapo chala asanaume." Chala changa chinadzakapeza kadzenjeko m'kati mwa nkhalangomo, koma maso nawo ali ndi njala yawo.

Tsiku la ukwati ndinapempha. "Ngakhale mbali imodzi yokha, bambo."

"Lumbiro sameta mbali imodzi."

Mukudziwa mwambo wake: munthu akagoletsa koyamba, anzake amatola kamphirako, kukakulunga ndi tepi yoyera, n'kulembapo tsiku. A Kauko anakakhomereratu kashelefu pamwamba pa wailesi. Loweruka lililonse ndinkapukuta fumbi pamalo opanda kanthu. Tsiku lina ndinaikapo chitini cha shuga.

"Chotsa, Hilkka. Mwini malo akhoza kufika Lachisanu."

A Pentti sankaphonya masewera a pakhomo, lumo lili m'thumba la jekete. "Iwe Kauko, lumo langali lachita dzimbiri kawiri!"

"Linole, Pentti, lero ndikumva bwino m'mafupa!"

Kochi naye ankatha mawu: "Menya, Kauko, menya!" Iwo n'kupatsira mnzawo mwaulemu ngati akupereka mchere patebulo. Akafunsidwa ankati kuwala sikunali kuja kwa m'maloto. Amati tsiku lina basi itafera m'nkhalango, ndevuzo zinauma gwa ngati thabwa, dalaivala n'kuzibwereka kupalira ayezi pagalasi. Ine kunalibe, koma kunyumba zinafika zikununkha dizilo.

Masewera awo omaliza anali m'mwezi wa Malichi, mawondo atakana. Tauni yonse inabwera, ine nditavala chikhoti changa chofiira. Anzawo ankangowapatsira iwo, ngakhale goloboyi wathu amene. Kutatsala mphindi ziwiri, ali pamzere wabuluu weniweniwo, anakweza ndodo, ine n'kusiya kupuma. Anamenya. Ndodo thyo! Kamphira kanangokwawira kukona ngati nkhalamba yopita kutchalitchi. Mnyamata wa timu inayo, Jorma Tikka, anakatola kuti abwezere mnzake, koma kanamupulumuka n'kudutsa pakati pa miyendo ya goloboyi wake yemwe, amene anali akuyang'anabe chidutswa cha ndodo chikuuluka. Nyali yofiira inayaka.

Lamulo la hoke ndi lakuti mukadzigoletsa nokha, chigolicho amalembera wa timu inayo amene anakhudza kamphira pomaliza. Chimkuzamawu chinalengeza: "Wagoletsa ndi nambala folo, Kauko Räsänen!"

Abale, denga linatsala pang'ono kuchoka. A Pentti analumpha mpanda, n'kutsetsereka chamatako mpaka pakati pa bwalo, lumo lili m'mwamba. Ine ndinakumbatira mayi wina amene sitinkayankhulana kuyambira kusukulu. Anzawo anakulunga kamphira, kulemba tsiku, n'kuwaika m'manja.

A Kauko anakatembenuza kawiri. Kenako anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka pamene Jorma anagwada atazolika mutu.

"Tenga, mphwanga. Wagoletsa ndiwe. Changa sichinali chotere."

Kunyumba ndinawadikira pakhomo ndisanavule chikhoti.

"Pa pepala alemba dzina lanu!"

"Pepala silinali pa ayezi."

"Bambo a Sirkka, ndakubalirani mwana, ndachapa masokosi oti galu amathawa. Ndikufuna kuona nkhope ya mwamuna wanga!"

"Ukaiona chifukwa cha tsoka la mwana wa eni ake, siikhala yanga, Hilkka."

Mlungu wathunthu anamwa khofi wopanda shuga. Loweruka litafika ndinapezeka ndikupukuta shelefu.

Atapuma anawapatsa ntchito yoyendetsa makina osalaza ayezi m'bwalo lomwelo. Masana nyanja ikauma n'kusanduka ayezi ankapitako okha ndi ndodo, n'kuika majombo awiri ngati golo. Anthu a m'basi ya kumpoto ankawaona patali, kadontho kakuda pakati pa kuyera konseko, ndevu zikuwatsatira paphewa ngati utsi wa sauna, kanyumba kathu kaja kosambira nthunzi. Kamphira kankalowa pakati pa majombowo kambirimbiri, koma ankati popanda goloboyi si chigoli, ndi kupemphera chabe.

Anatisiya mu Januwale chaka chatha, ali pampando, nsapato imodzi ya hoke ili pamwendo akuinola mpeni wake. Tsiku lowakonza a Pentti anabwera akunjenjemera ndi ukalamba, lumo lija lili m'manja. Tisanakhale pansi kunagogoda bambo wina wa dazi, chipewa chili pachifuwa. Anali a Jorma. Anatulutsa kamphira, tepi yake itasanduka yachikasu.

"Mayi, ndakasunga zaka zonsezi. Ndi kawo. Lamulo likutero."

A Pentti anandinong'oneza: "Hilkka, lero sangakanenso."

Zinali zoona. Ndinatenga lumo, ndinalowa ndekha m'chipinda chimene anawagoneka, n'kutseka chitseko. Ndinalitsegula. Zaka makumi asanu ndikudikira, ndipo panatsala madzi ofunda ndi sopo basi. Koma nkhope yawo inali ija ya pamzere wabuluu, ya munthu amene kamphira kake kakadali m'malere. Ndinapinda lumo, n'kutulutsa chipeso.

A Jorma ndinawapatsa khofi, wa shuga, ndi kamphira kawo.

Kumanda mdzukulu wanga Venla, mwana wa Sirkka, anakweza mutu kuti misozi isagwe, dzuwa la masana n'kumugwera pankhope. Ndinachita kugwira mkono wa mayi ake. Kadzenje! Pakati penipeni, ngati padindidwa chala. Kwathu kulibe wotero. Chibwano chimenecho ndachipukuta phala kuyambira ali khanda, osadziwa kuti ndikupukuta cha yani.

Chaka chino nyanja yaumanso, yoyera mpaka kutsidya, ndipo anthu a m'basi amatembenukirabe kuwindo akafika pokhota paja, kenako n'kuyang'ana m'manja mwawo. M'bwalo ayezi akusalazidwa ndi wina, mofulumira, osayankhula ndi ayeziyo monga ankachitira a Kauko. A Pentti lumo lija analipachika.

Venla akusewera kumbuyo mu timu ya atsikana, nambala folo. Chaka chachitatu tsopano, sanagoletse. Wonena kuti akuchedwa abwere adzanenere pakhomo panga. Andipeza Loweruka, ndikupukuta shelefu.