Injini ya Malemu Tuckwell

Pulani inabadwira pa tebulo la pakona m'bala ya kwa Shirl ku Bathurst, mowa utayamba kale kuwayankhulira anthu. Mwini pulani anali Merv Tuckwell, amene tauni yonse imamutcha Kabureta chifukwa ngakhale pamaliro amakamba za injini. Pakati pa matambula anaikapo chitini chakale cha oilo. M'menemo munali bambo ake, kapena tinene phulusa lawo, poti mdalayo anasankha kuwotchedwa.

"Madala anandilumbiritsa," anatero Kabureta akusisita chitini. "Akuti, Merv, udzandizungulitse Phiri lathu la mpikisano komaliza mu Monaro yanga, injini ikubangula. Ndiye mlongo wanga uja, misozi isanaume n'komwe, basi wagulitsa galimoto kwa Fenwick wozula mano."

"Ndiye tikabe?" anafunsa Sipanala, mnzake wowonda.

"Kuba ndi mawu onyansa, aise. Tikabwereka."

Pisitoni, chimunthu cha mimba yotsogola, anameza payi wake wa nyama n'kunena kuti, "Osangowakweza madalawo mu yanga bwanji? Ndi yatsopano, ndipo liwiro lake Monaro singaone n'fumbi lomwe."

Kabureta anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi. "Ija ukuti galimoto? Ija ndi foni ya matayala! Chinthu chomakuuza kuti manga lamba ngati apongozi? Galimoto yeniyeni imanunkha petulo, imadontha oilo, ikadzuka agalu a m'tauni muno onse amadziwa."

Pulani yake inali yokoma pakamwa. Nyumba ya Fenwick ili m'mbali mwa msewu wa pa Phiri womwewo, umene pa mpikisano magalimoto amaulukamo koma masiku ena onse amayendamo aliyense. Ndiye n'kungotulutsa Monaro, kuzungulira kamodzi, kubweza. Sipanala ntchito yake inali yopita kuchipatala cha Fenwick akulira dzino, kuti dokotalayo asachoke.

"Koma mano anga ndi abwinobwino," anadandaula Sipanala.

"Upereke limodzi, amwene. Uli nawo ambiri."

Lachitatu masana dzuwa likuswa mtengo, Sipanala ali yasa! pa mpando wa dokotala, anzake awiri anafika pa galaja kunyumba kwa Fenwick. Chitseko chinali chosakhoma, koma Pisitoni anachithyolabe ndi chitsulo, akuti sanganyamule katundu wolemera chonchi pachabe.

Ndipo inali pomwepo, ya mtundu wa lalanje, ikuwala kuposa mmene inkawalira masiku aja inkamusiya Kabureta kusukulu. Kabureta misozi inalengeza. Anakhazika chitini pa mpando wakutsogolo, n'kunong'ona kuti, "Tafika, madala." Kenako anagona chagada pansi pa chiwongolero kufunafuna mawaya, luso limene wakhala akudzitama nalo m'bala zaka zonsezi.

"Kiyi ali pomwepo, amwene," anatero Pisitoni.

Kabureta anadzuka mwaulemu wake, n'kupotokola kiyi, maso atatsinzina kudikira bingu. Kunali zii. Kagetsi kobiriwira kanayaka, kabelu kanalira kamodzi ngati ka pa njinga ya mwana.

"Yalira kale imeneyi," anatero Pisitoni. "Yanga imatero."

Anatsegula boneti. Mayo ine! Pamene pankakhala chiinjini cha mapisitoni asanu ndi atatu panali mabokosi akuda ndi zingwe zamagetsi, zaukhondo ngati m'khitchini. Fenwick anaisandutsa ya mabatire.

Apa mutu wa Kabureta unasiya kugwira ntchito. Mtima unamuwawa zenizeni, ngati bambo ake amwaliranso kachiwiri. Anatulutsa foni.

"Halo, apolisi? Bwerani msanga kwa Fenwick pa Phiri! Kwachitika umbava woopsa, aba injini ya Monaro! Ndine Merv Tuckwell, ndikudikirani."

"Amwene!" anakuwa Pisitoni. "Mbava ndife!"

"Ife ndi obwereka. Wachita izi ndiye mbava."

Pisitoni anafuna kuliyatsa liwiro, koma podutsa pa zenera la pabalaza anaima chilili. "Kabureta, tabwera udzaone. Koma usakomoke."

Injini inali m'menemo, pakati pa mipando yawofuwofu. Anaipukuta mpaka kunyezimira, n'kuikapo galasi pamwamba. Pa galasipo panali maluwa, ndi mbale ya maswiti opanda shuga. Injini ya malemu Tuckwell, imene inkagwedeza mazenera a tchalitchi, inali tebulo la khofi.

"Tikuibwezera m'malo mwake," anatero Kabureta. "Gwira uko."

Analowa, anachotsa maluwa, anawerama. Injini sinasunthe, chimene chinasuntha ndi msana wa Pisitoni. Unalira kuti phwa! ndipo mkuluyo anagwa chagada pa kapeti akuitana amake. Foni inalira, anali Sipanala, kamwa lodzaza thonje ndi dzanzi, akuyesa kuwachenjeza kuti dokotala wanyamuka. "Mbwa-mbwo a-a-bwela!" Kabureta anadula, akuti sayankhula ndi zidakwa nthawi ya ntchito.

Ankadalira kuti galimoto ya polisi aimva ikukwera chitunda. Koma nayonso inali ya mabatire. Anangoona Sajini Kovac, mayi wamfupi wosaseka, ataima pakhomo manja m'chiuno, Fenwick ali kumbuyo kwake.

"Ndani anaimba za injini yobedwa?"

"Ndine, mayi. Ndaipeza. Mmangeni uyo."

"Pa ntchito yanga yonse," anatero sajini akutulutsa unyolo, "sindinaonepo mbava yondipatsa dzina ndi keyala."

Anawakweza kumbuyo, Pisitoni akubuula, Kabureta atafungata chitini chimene anakana kwamtuwagalu kuchisiya. Sajini atamva zimene zinali m'chitinimo ndi lumbiro lake, anangoyamba kuyendetsa. Kungoti potuluka pa geti, m'malo mokhotera kumunsi kumene kuli kufupi ndi tauni, anakhotera kumtunda.

Galimoto inakwera Phiri mwakachetechete, pa liwiro lololedwa ndi lamulo, osamveka ngakhale kutsokomola. Kabureta anayang'ana msewu, n'kuyang'ana chitini. Anakwezera chitinicho pa zenera ndi manja omangidwa, anakoka mpweya, n'kutulutsa mkokomo wochokera pansi pa mimba.

"Vruuuum! Bvu-bvu-bvu-bvruuuum!"

Misozi inali chuchuchu, malovu akuthovukira pa galasi. Pisitoni, msana uli chiwawire, anayamba kumusinthira magiya ndi pakamwa.

Pa kona yakuthwa ya pamwamba, Sajini Kovac anayang'ana pa kagalasi n'kunena kuti, "Tsitsani giya, a Tuckwell. Muwagwetsa madalawo."