Tsiku Limene Ndinatengera Che Amidu ku Banki

Ndikanena kuti sindinalakwe, mkazi wanga amatuluka panja kukaseka. Asekebe. Inu ndimvereni, muweruze nokha.

Ndine kalaliki pa esiteti ya tiyi, koma chimene chimandisunga ndi munda wa zinanazi. A banki atabwera kuntchito kudzatipatsa makhadi ogulira zinthu pangongole, ndinatenga langa n'kugulira feteleza ndi malata. Mwezi uliwonse uthenga pafoni: lipiraniko kangachepe tsiku lakuti lisanadutse. Kangachepe ine? Kwathu kuno ngongole imabwezedwa zokolola zikapsa. Pagolosale ya Che Amidu pa Chonde ndimatenga shuga ndi sopo chaka chonse, zinanazi zikagulidwa n'kukalipira kamodzi, n'kuwonjezerapo zinanazi zonona pamwamba pake. Banki nayo ndinaipatsa ulemu womwewo. Mauthenga ndinkangofufuta (foni yanga sichedwa kudzaza). Dzinja litafika ndinakalipira zonse, ndi zilango zawo zomwe, chifuwa chili patsogolo.

Kenako ndinafuna ngongole ya njinga yamoto. Mavenda amatibera pamunda, ndiye ndinkafuna ndizikagulitsa ndekha pa Nkando. Mwini njinga anati andisungira mpaka mwezi uthe.

Mayi wa pabanki anayang'ana pakompyuta n'kupukusa mutu.

"Bambo, mbiri yanu ya ngongole si yabwino."

"Ndinabweza kapena sindinabweze?"

"Munabweza, koma mochedwa. Mwezi uliwonse umene munadumpha unalembedwa, ndipo mabanki onse amaona."

"Kompyutayo inalimapo chinanazi? Chimapsa pamwezi?"

Anthu a pamzere anayamba kutsokomola, ine osabwerera m'mbuyo. Mlandu ukakula kumudzi timaitana mboni, choncho ndinamuuza mayiyo kuti ndibwera ndi munthu wondidziwa, osati makina.

M'mawa mwake ndinalowa m'banki ndi Che Amidu, atavala mkanjo woyera wa Lachisanu. Ndinawakhazika pampando ngati mfumu.

"Auzeni, Che Amidu. Ndinathawapo ndi ndalama zanu?"

"Achimwenewa amabweza, walahi," anatero Che Amidu. Ndinamuyang'ana mayi uja monyada. Bwenzi atasiyira pomwepo. "Koma kudikira kwake, mama! Chaka chatha ndinalephera kukaoda shuga ku Limbe, ndalama zili m'munda mwa iwowa. Ndikawaona akubwera, mtima umangoti phaa."

Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo (ankavala nkhwaira, anamva ndithu). Iwo anangosendeza mpando kufupi ndi mayi uja.

"Mwati munthu akachedwa mumamuikira chilango? Zimatheka zimenezo?"

Mayiyo anawafotokozera bwinobwino, iwo akugwedeza mutu ngati ali pamadrasa. Ine ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma wondimvera panalibe.

Njinga anagula wina. Imandidutsa m'mawa uliwonse itasenza zinanazi za eni, ndipo zimandiwawa, sindibisa. Khadi ndimalipira mwezi ndi mwezi tsopano, poti ati mbiri imayera pang'onopang'ono. Sikuti akunena zoona ayi. Ndikungofuna njinga. Munthu wobweza zonse si wakuba, ndipo mawu amenewo ndidzafa nawo.

Chondinyansa n'chakuti ndikapita kukatenga sopo, Che Amidu sanditambasulira dzanja msanga.

"Ya mwezi watha ija, achimwene? Mawa ilowa chilango."

Ndipo minibasi yopita kusukulu yawo ya kubanki ija ndinawalipirira ndine, kupita ndi kubwera komwe.