Tchizi Amene Ndinaponyera Nkhumba

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota zoti mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Tsitsani zigubuzo, mzerewu sukuyenda, mumve.

Ndinalota ndili pompano pogulitsira mkaka, dzuwa likuswa mtengo. Ndiye a Chimtengo, oyeza mkaka aja, anaviika kagalasi kawo m'chigubu changa, kagalasiko n'kutuluka kakutsokomola. Kanati mkaka ulibe vuto, wowawasa ndi mwini wake. A Chimtengo poti alembe zimenezo, mwadzidzidzi makutu anawalendewera, ndevu n'kutalika, basi asanduka tonde wovala jasi loyera. Anatafuna pepala lija, n'kundiuza kuti mlandu wanga uli m'chigubumo, ndivule nsapato ndilowe.

Ndiye ndinalowa. M'katimo munali mokula ngati tchalitchi, ndipo pa mabenchi panali patakhala tchizi wamitundumitundu, aliyense atapinda manja. Ndinadziwa chomwe andiitanira.

Ena mukumudziwa mwana wanga Mwandida, uja anakaphunzira zokonza zakudya. Chaka chatha ankapatula mkaka wamadzulo n'kuumba tchizi wozungulira, kumuyala pathabwa m'chipinda chosungira madeya. Tsiku ndi tsiku ankamutembenuza n'kumupukuta ndi madzi amchere, ngati akusambitsa khanda. Ine ndinkangoti ndi zachibwana za anthu ophunzira. Tsiku lina iye atapita kumsika ndinalowamo, fungo linandimenya, ndinaona nkhungu pachikhungwa. Sindinafunse munthu. Ndinanyamula tchizi onse asanu ndi mmodzi kukaponyera nkhumba, n'kusamba m'manja ngati ndagwira ntchito yabwino. Mwana atabwera sanalire. Anayang'ana thabwa lopanda kanthu, m'mawa mwake n'kukwera basi ya ku Dedza. Mpaka lero amaimbira foni amayi ake okha.

Ndiye kumalotoko anayamba kuimirira mmodzimmodzi. Woyamba anali woyera, wofewa ngati chambiko chokhuthala. Anati iye ndi wa anthu olima ndi okama, amamanga minofu, mafuta alibe ambiri, ndipo anandifunsa ngati ndinamulawapo. Ndinati ayi. Wachiwiri anali wa mkaka wa mbuzi, anangolankhula monong'ona kuti ambiri amimba zovuta amagwirizana naye. A Chimtengo atamva za mbuzi anagwetsa misozi, akuti ndi mwana wa mlongo wawo. Wina wamabowomabowo anadandaula kuti anthu ngati ine timamunamizira kuti anadyedwa ndi makoswe, chikhalirecho mabowowo ndi obadwa nawo, mchere ali nawo wochepa, ndipo ankalankhulira m'mabowo onse nthawi imodzi ngati kwaya. Wina dzina lake Feta anavomera yekha kuti mchere unamuchulukira, odwala BP azingomupatsa moni wapatali.

Ine ndinayesa kuseka kuti nkhani ipepuke, koma palibe anandithandiza.

Mwadzidzidzi mabenchi anayamba kuyenda, tchalitchi chija chasanduka chipatala. Namwino anabwera atanyamula chithunzi cha mafupa, ndiye akuyenda miyendo n'kumatalika, khosi n'kumatalika, mpaka anakhala kakowa. Anajompha chithunzicho n'kunena kuti mafupa awa ali ngati mapesi a chaka chatha. Ndinawazindikira. Anali a mkazi wanga, mayi a Mwandida, amene mwezi wathawu anaterereka pamjigo n'kuthyoka mkono pamalo poti mwana akanangodzuka n'kusasa fumbi.

Ndiye panatulukira tchizi wina wouma, wachikasu, mbali imodzi yolumidwa, matope a m'khola ali mbuu. Anakhala pafupi nane, sanakalipe.

"Bambo, akazi anu akamwa mkaka wauwisi chimachitika n'chiyani?"

Ndinayankha kuti umawatsegula m'mimba, n'chifukwa chake zaka makumi atatu akhala akukama ng'ombe osamwa ngakhale kapu.

"Ine ndikakhalitsa pathabwa, chovutitsa mimba chija chimatha, chotsala n'cholimbitsa mafupa ndi mano. Nkhunguyo inali ya kunja, yongopala ndi mpeni. Mwana wanu ankandisungira amayi ake. Panatsala milungu iwiri kuti ndikhwime."

Anzanga, zimenezi si zamaloto zokha ayi. Mkazi wanga anandiuza mawu omwewa kuchipatala akumumanga pulasitala, ine n'kungoyang'ana kudenga ngati sindinamve. Kuuma mutu ndinabadwa nako, koma tsiku limenelo ndinachita manyazi, ndipo ndikuchitabe.

Ndiye nkhumba yanga inalowa itavala taye, akuti ndi mboni. Inathokoza khoti, n'kunena kuti chidyereni tchizi uja sinadwalepo, mafupa ake ndi achitsulo, ndipo ikupempha kuti bambowa apatsidwe mendulo chifukwa chokonda ziweto kuposa anthu. Onse anawomba m'manja, ngakhale kagalasi kaja.

Mwadzidzidzi ndinapezeka ndaima pathabwa lija la m'chipinda cha madeya, koma litatalika kuchoka kuno ku Bvumbwe mpaka ku Dedza. Kumapeto kwake kunali Mwandida, atandifulatira, akutembenuza tchizi. Ndinayamba kuthamanga. Ndikaponda kamodzi, thabwa limawonjezera kawiri. Ndinati ndikuwe kuti pepa mwana wanga, koma m'kamwa munadzaza tchizi wina wonyululuka uja amati mozarela. Ndikatsegula pakamwa amangotamuka, ndikakoka ndi dzanja amangobwera, mawu osatuluka.

Mwana anatembenuka. Sanali wokwiya, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

"Ababa, mukanangondifunsa," anatero.

Kenako anatola mpeni, anadula kachidutswa kakang'ono n'kutambasula dzanja kuti ndikapatse amayi ake. Ndinatambasula langa. Zala zathu zinatsala pang'ono kukhudzana, ndiye pansi pa thabwa panayamba kugunda, go, go, go, thabwa n'kumanjenjemera, kachidutswa kaja n'kugwa.

Ndinatsegula maso kunja kutayera. Pafupi ndi khomo mkazi wanga anali akulimbana ndi chitenje, kuyesa kuchimanga ndi dzanja limodzi, osafuna kundidzutsa. Foni yanga inali pampando, nambala ya mwana ili momwemo chaka chathunthu osamuimbira. Ndipo kuseri kwa nyumba nkhumba ija, yonenepa, yamafupa olimba, inali kugogoda chodyeramo ndi mphuno, go, go, go, kufuna kuti ndiipatsenso.