Tsiku limene ndinagulitsa chiwindi chimodzi kwa anthu atatu

Mpaka lero ndikamadutsa pampopi wa m'komboni mwathu kuno pa esiteti ya tiyi ya ku Honde, amayi otunga madzi amayamba kutsokomola onse pamodzi. Sadwala ayi, akundilonjera ineyo. Amayi anga anandiletsa kufotokozera anthu nkhani imeneyi, ndiye ndaganiza zongoilemba.

Munali mu 2008, chaka chija m'masitolo munkangopezeka mashelefu ndi wogulitsa. Ine ndinali Fomu 3, koma ya dzina lokha, chifukwa aphunzitsi athu anali atawoloka malire kukasaka moyo. Mtsikana wopanda homuweki ndi ngozi kudziko (boma likanaganizirapo bwino pamenepa).

Nthawi imeneyo n'kuti a malume, achimwene awo a amayi, atabwera kudzakhala nafe. A malume ndi munthu wamkulu kuyunivesite. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akuphunzitsa za chilungamo pa msonkho ndi pa kagawidwe ka chuma: ndani apereke zochuluka, ndani alandire, nanga chifukwa chiyani. Analemba ndi buku lomwe, lonenepa ngati njerwa. Koma yunivesite itatsekedwa chifukwa chosowa madzi, malipiro awo a mwezi atayamba kuchepera ngakhale basi yokawatengera, anatulukira kwathu ndi sutikesi ya mabuku, jekete limodzi ndi njala ya munthu wophunzira. Anabadwira m'komboni momwemu, agogo atachoka kwawo ku Mulanje kubwera m'dziko la eni lino kudzathyola tiyi pa esiteti yomweyi, koma panalibenso wowatchula dzina. Anali a Pulofesa basi.

Ngakhale mbatata ya m'mawa ankaigawa ndi mfundo. Ine ankanditchula muzukuru, monga anthu a kuno amatchulira mwana wa mlongo wawo. "Muzukuru, funso si lakuti watenga yaikulu ndani. Funso n'lakuti, kodi njira yotengerayo inali yachilungamo?" Akamamaliza funsolo, yaikuluyo n'kuti ili kale m'mimba mwanga.

Loweruka lina m'mawa, ng'ombe yokoka ngolo ya nkhuni pa esiteti inaterereka pamtsetse n'kuthyoka mwendo, ndipo manejala anati iphedwe. A muofesi ndi mafolomani anatenga miyendo yonse inayi (ngakhale wothyokawo), lilime ndi masaya. Zotsala anapatsa laini yathu, nyumba khumi ndi ziwiri. Ife n'kuti titatha miyezi isanu ndi itatu osalawa nyama. Mng'ono wanga wa zaka zitatu ataiona anafunsa ngati imaluma.

Amayi anamanga chitenje mothina n'kunena kuti, "Zivute zitani, lero m'nyumba muno mudyedwa nyama."

Tonse tinasonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala, nyama itayalidwa pamasamba a nthochi. Wogawa wa nthawi zonse anali Sekuru Juwawo, mlonda wachikulire wochokera ku Tete, ndipo anali atayamba kale kunola mpeni pamwala. Apa m'pamene satana anandigwira lilime.

"Bwanji tikuvutitsa Sekuru, chikhalirecho tili ndi Pulofesa wa zogawagawa? Anapitira sukulu zomwezi!"

Ndinkangofuna ndione mmene akanire. Munthu uja ngakhale kusenda nthochi amachita ngati akutsegula kalata ya kukhoti. Koma ndinangoona akuvula jekete n'kundipatsira kuti ndiwagwirire.

Anayamba ndi phunziro. Anati kugawa kwachilungamo kuli ndi lamulo limodzi lalikulu, limene akatswiri anavutika nalo zaka zambiri: wogawa asadziwe mulu umene ukhale wake, kuti ayese milu yonse ngati yake.

Mai Tendai, oyandikana nafe nyumba, anakanda m'mutu. "Nhai Pulofesa, si zija timachita masiku onse? Mwana amatembenuka kuyang'ana kumbali, wina aloza mulu n'kufunsa kuti uwu ngwa yani, mwanayo atchula dzina. Basi."

A malume anapukuta magalasi awo.

"Imeneyo ndi chaputala yachinayi ya buku langa. Inanditengera zaka zisanu ndi chimodzi."

"Mukanangofunsa, achimwene," anatero amayi.

Mwina n'chifukwa chake anafuna kuonetsa kuti sukulu ili ndi zake zimene komboni silidziwa. Sekuru Juwawo akamagawa, mulu uliwonse amauponyera kamnofu, kafupa, katumbo, kachiwindi, akuyeza ndi diso. A malume anati diso limakondera, sikelo sikondera. Anatumiza anyamata kukabwereka sikelo yoyezera masamba a tiyi kushedi, n'kuipachika panthambi. Ndiye poti mpeni ankauopa, sankadula kanthu. Ankangonyamula chiwalo chathunthu, kuyeza, kuwonjezera china, kuchotsa, kulemba kuseri kwa envelopu, kuyezanso.

Dzuwa linafika paliwombo. Ntchentche zinali zitayamba kale kutolera msonkho wawo. Pomaliza panali milu khumi ndi iwiri yolemera mofanana ndendende. Mulu wina unali chiwindi chonse, mtima ndi linunda. Mulu wina unali chigaza chokhala ndi nyanga zake, ndi ziboda ziwiri.

"Epa! Nyanga amadya ndani, Pulofesa?" anafunsa Sekuru Juwawo.

"Kilo ndi kilo, Sekuru. Nkhani ya zimene munthu amakonda ili m'chaputala yachisanu ndi chiwiri."

Kenako anafuna mwana wotchula mayina. Anati akhale wa sukulu, wa mtima woyera. Analoza ine. Ndinamva wina kumbuyo akuti "maiwe," koma panalibe wotsutsa munthu wa madigiri. A malume anaperekeza sikelo kushedi (anati katundu wa anthu onse amabwezedwa ndi amene wasainira), ndipo tinatsala tikudikira, aliyense maso ali pachiwindi ngati chilankhula.

Tsono imvani nzeru zanga, chifukwa mpaka pano ndimaona kuti zinali nzeru. Ndikatembenuka sindiona kanthu. Ndinkafunika maso a munthu wina. Ndinapita kwa Mai Tendai n'kuwanong'oneza kuti ndodo ikaloza mulu wa chiwindi atsokomole, ine nditchula dzina lawo. Anandipatsa mapeyala awiri. Koma ndinakumbukira a malume akunena kuti wofufuza weniweni sadalira mboni imodzi. Ndinapita kwa Sekuru Juwawo, amene mtima unali ukuwawabe chifukwa cholandidwa ntchito. Iwo anati aimba pito, kawezulo kawo ka ulonda, ndipo anandipatsa mzimbe. Wachitatu anali Madzimai Rute a mpingo wa apositoli, atavala zoyera mbuu, khanda lili kumsana.

"Mwanangu, ine ndine munthu wopemphera, sindingachite chinyengo ndi pakamwa panga," anatero. "Ndingomutsina mwanayu."

Anandipatsa dzira lowiritsa. Zonse ndinadyeratu kuseri kwa bafa, kuti pasakhale umboni.

Ndinene zoona: ndinalibe maganizo otchula aliyense wa atatuwo. Chiwindi chinali cha kwathu. Amayi anali atalumbira, ndipo mwana wabwino amathandiza kholo kusunga lumbiro.

A malume atabwerako anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti aona chikasu cha dzira pamlomo.

"Ndaphunzira anthu ozemba msonkho moyo wanga wonse," analengeza. "Kutembenuka kokha sikukwanira. Munthu amasuzumira."

Anatenga dengu lothyolera tiyi, lija lalikulu lapamsana, n'kundivundikira nalo kumutu mpaka m'chiuno. Pamwamba anaponyapo saka. Munali mdima, fungo la masamba ndi thukuta la anthu a mibadwo itatu. Anandiimika moyang'ana khoma la chimbudzi. Ndinaseka chamumtima: atseka maso, aiwala makutu. Madigiri anayi.

"Uwu ngwa yani?" anafuula a malume, ndodo ili m'manja.

Zii.

"Wa a Banda!"

"Uwu ngwa yani?"

Zii.

"Wa Mbuya Nasibeko!"

Zinayenda bwino mpaka mulu wachinayi. Ndinayamba kuganiza za mmene tikazingire chiwindi, ndi anyezi kapena chopanda.

"Uwu ngwa yani?"

Abale inu. Mai Tendai anatsokomola ngati thirakitala yokana kulira m'nyengo yozizira. Nthawi yomweyo pito wa Sekuru Juwawo analira ngati fakitale yapsa. Nthawi yomweyonso khanda la Madzimai Rute linakuwa kukuwa kumene mwina kunamveka mpaka ku Ruda. Agalu anayamba kuuwa. Nkhuku zinabalalika. Chinthu chimodzi chokha n'chimene sindinachiganizire pa dongosolo langa lonse: mboni zitatu zoona chinthu chimodzi zimalankhula nthawi imodzi.

Kenako kunagwa bata, khanda lokha likusisima.

M'dengumo ndinali ndi mpata woganiza. Munthu wanzeru akanatchula mayi wamasiye wosadziwa kanthu, anthu n'kuti zangochitika mwangozi. Ndinaziona bwinobwino zimenezo. Koma ndinaonanso chiwindi.

"Wa a Pulofesa!"

"Iwe! Mapeyala anga!" anakuwa Mai Tendai.

"Mzimbe wanga, mbava iwe!" anatero Sekuru Juwawo.

"Ndatsina mwana wanga pachabe!" analira Madzimai Rute.

Palibe wapolisi anapezapo anthu atatu ovomera mlandu mwachangu chotero. Koma musaganize kuti khamu linawatembenukira iwowo. Linatembenukira a malume.

"Anapangana ndi muzukuru wawo!"

"N'chifukwa chake anaunjika chiwindi chonse pamodzi!"

"Wosankha mwanayu ndani? Womuvundikira ndani? Woloza ndani?"

"Ndiye zimene amaphunzitsa kuyunivesite zimenezi? N'chifukwa chake dziko lafika apa!"

Ine ndinaona kuti ino ndi nthawi yabwino yokaona anzanga ku laini ina. Ndinaliyatsa liwiro dengu lili kumutu. Ndinathamanga masitepe asanu ndi limodzi, lachisanu ndi chiwiri ndinakumana ndi mtengo wa mapeyala. Ndinagwa chagada, kugubuduka, n'kukatsakamira mu ngalande, mutu m'dengu, miyendo m'mwamba. Panalibe amene anabwera kudzandizula. Mlandu wonse ndinaumvera momwemo, ngati pawailesi.

Ndinamva amayi akunong'ona mokweza: "Achimwene, nyamulani muluwo tizipita. Tikalapa titadya."

Ndinamvanso mawu a a malume. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula popanda kutchula chaputala. Anati iwo sanadziwe kanthu, koma dongosolo linali lawo, mwana ndi wa m'nyumba mwawo, ndipo munthu sangaphunzitse ana a eni zaka zonsezi kuti wamphamvu azipereka zambiri, iye n'kuchoka pano atanyamula linunda. Choncho nyumba ya Pulofesa ikhoma msonkho wa mulu wonse. Chiwindi, mtima ndi linunda zidulidwe pakhumi ndi kamodzi, ndipo milu yotsalayo igawidwenso kuti ikwanire nyumba zinazo khumi ndi imodzi. Ife titenga chigaza.

"Achimwene!" anatero amayi. Mawu amodzi okhawo, koma munali maliro athunthu.

Anthu anaomba m'manja. Ena anaimba nthungululu. Amene ankawanena kuti ndi mbava mphindi ziwiri zapitazo anayamba kunena kuti munthu ngati uyu ndiye woyenera kukhala nduna. Sekuru Juwawo anadula chiwindicho m'kanthawi kochepa kuposa kamene a malume ankatenga kupukuta magalasi. A malume anayesa kunena kuti opereka ziphuphu nawonso alipe chindapusa, koma Mai Tendai anati iwo aberedwa kale, munthu salangidwa kawiri. Khamu linavomereza. Ndiye onse atatu anadya chiwindi tsiku limenelo. Mlandu unatsalira ine ndi khanda.

Amayi anandizula mu ngalande pondikoka mwendo. Sanandimenye. Anangondisenzetsa chigaza chija, nyanga zitaloza kumwamba, n'kundiyendetsa pang'onopang'ono kudutsa makomo onse khumi ndi limodzi, paliponse pakununkhira chiwindi chokazinga. Nkhuni zophikira ndinakatola ndekha. Chigazacho chinabwata masana onse, ndipo chimene chinatuluka ndi madzi otentha okhala ndi chikumbutso cha ng'ombe. Ziboda ziwiri tinagawana anthu anayi. Amayi anaika nyanga imodzi m'mbale ya a malume n'kuwauza kuti adye msanga isanazizire. A malume anathokoza, ndipo ndikulumbira, anaiyamwa.

Amayi anakhala masiku anayi osandilankhula, ndipo anakhala sabata ziwiri osawalankhula a malume.

Chaka chotsatira yunivesite itatsegulidwa, a malume anabwerera kuntchito. Patapita miyezi ingapo analembera amayi kalata. Anati nkhani ya ng'ombe ija tsopano amayambira nayo maphunziro a chaka choyamba, ndipo ophunzira amalembapo mayeso. Ine amanditchula kuti Mwana X. Phunziro lake akuti n'lakuti palibe lamulo logawira chuma limene lingakhale lachilungamo kuposa munthu amene mwamuika m'dengu. Kumapeto kwa kalatayo anafunsa ngati muzukuru wawo analapa.

Taganizani: anzanga onse a Fomu 3 akulimbana kuti mwina tsiku lina adzalowe yunivesite, ine ndili kale pa silabasi.

Amayi atawerenga mokweza anandiyang'ana n'kufunsa kuti ndiwayankhe chiyani, ndaphunzirapo kanthu kapena ayi. Ndinati awauze kuti ndaphunzirapo kwambiri, ndipo sindinaname. Pito amamveka kutali, khanda silidziwa kusunga chinsinsi. Ng'ombe ina ikadzaterereka, chifuwa cha Mai Tendai chokha n'chokwanira.